Andilemba Kuti Ndilibe Timu Tsiku Limene Timu Inkakumba Manda

Andilepheretsa mayeso a ukochi osandiona ndikuphunzitsa mpira ngakhale mphindi imodzi. Papepala alemba mawu atatu okha: "Sanapezeke. Timu palibe."

Ndatopa, abale anga. Ngakhale mkwiyo wanga nawo watopa, ukungokhala pansi. Komabe ndilemba, kuti inu amene mukufuna chiphaso chimenechi mudziwiretu msewu wake.

Kwa amene simundidziwa, ndine Chipeta, telala wa pakhonde kuno kufupi ndi Edingeni. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Za mpira ndinaziphunzira m'mabuku akale ogula pansi ku Jenda tsiku la msika. Buku limene ndimalidalira kwambiri lilibe masamba khumi ndi awiri oyambirira. Mwina masamba amenewo ndi amene ankachenjeza kuti munthu asayambe n'komwe. Ndikathamanga, mimba imafika pamzere ine ndili m'mbuyo. Koma zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuphunzitsa timu ya kwathu. Majezi ndinasoka ndekha. Makoni athu ndi mabotolo odzaza mchenga.

Chaka chino takwera, tikulowa ligi ya ku boma. Lamulo lake ndi lakuti kochi wopanda chiphaso sakhala pabenchi, ndipo kalembera wa matimu atseka Lachisanu likubwerali. Lamulolo ndilibe nalo vuto. Kosi ndinalipira, lisiti ndili nalo. Ndinakhala m'kalasi ku Mzimba sabata yathunthu, ndikugona pamkeka kwa mlamu wanga. Mayeso olemba ndinakhoza, mpaka ndinadzidabwa ndekha. Chinatsala chinali chimodzi: mayeso a pabwalo. Woyesa abwere kwanu, akuone ukuphunzitsa osewera osachepera khumi ndi anayi kwa ola limodzi. Basi. Ola limodzi.

Ofesi yopereka ziphasozi sinditchula dzina. Eni ake akudzidziwa.

Tsiku loyamba anandipatsa Lachitatu, 2 koloko masana. Tinatchetcha bwalo. Tinathira phulusa m'mizere. Tinathamangitsa ng'ombe zimene zimaona ngati bwalolo ndi lawo. Osewera anabwera 19, atasamba ngati akupita ku ukwati. Ine wenzulo m'khosi. 3 koloko, zii. 4 koloko, zii. 5 koloko ndinaimba ndine. Bwana woyesa anati galimoto ilibe mafuta. Chabwino. Nanga foni yawo nayo imayendera dizilo?

Inu a kuno mukudziwa kuti timu ya ku Mzimba ili ngati ndowa yodontha. Sabata yotsatira awiri anakwera basi ya ku Joni. Tinatsala 17.

Tsiku lachiwiri anati Loweruka, 9 koloko m'mawa. Phulusa linanso. Ng'ombe zomwezija kuzithamangitsanso, zikundiyang'ana ngati zikundimvera chisoni. Uthenga unafika 11:40 kuti bwana ali ku msonkhano wadzidzidzi ku Mzuzu. Mwezi usanathe goloboyi wathu wamkulu naye anapita ku Joni. Tinatsala 16. Ndinapempha tsiku lina. Bwana anati, "Tidzakuuzani, adada. Musadandaule." Sanandiuze. Ndinaimba kanayi, yankho lomwelo.

Kenako kunabwera uthenga wa maliro. Wanangwa, womwetsa zigoli wathu wakale, amene ndinayamba kumuphunzitsa akusewera opanda nsapato, anamwalira ku Joni. Thupi linatenga masabata atatu kuti lifike. Tinamuika Lachiwiri, sabata yapitayi.

Kuno kukagwa maliro mpira sugundidwa. Palibe amene analemba zimenezi, ndipo palibe amene amafunsa. Ndipo okumba manda ndi ndani? Ndi anyamata amphamvu a m'mudzi. Anyamata amphamvu amene atsala m'mudzi mwathu ndi timu yanga. Onse 16 anali kumanda kuyambira m'mamawa ndi mapiki ndi mafosholo, nthaka ili gwa chifukwa cha chilimwe. Ine ndinali panyumba ya maliro. Abale anandipempha kuti ndiyankhulepo m'malo mwa timu, ndipo ndinaika jezi yake yakale pabokosi. Foni ndinali nditazimitsa, monga amachitira munthu aliyense woleredwa bwino.

Ndinaiyatsa 4 koloko titabwerako. Munthu anandiimbira kamodzi, 10:12. Kamodzi. Ndiyeno 10:15 panali chithunzi: bwalo lathu lopanda munthu, ng'ombe zitatu pakati. Pansi pake uthenga wa bwana woyesa: "Ndafika. Simunapezeke."

Anandiuza ndani kuti akubwera? Ng'ombezo?

Mvetserani apa. Kuti munthu afike pabwalo lathu, amadutsa pamsewu wa kunyumba kwa makolo a Wanangwa. Tsiku limenelo pamsewupo panali masamba, mbali zonse ziwiri, monga timachitira pakakhala maliro. Amayi amene ankatunga madzi pamjigo anaiona galimotoyo. Akuti itafika pamasamba inachepetsa liwiro, wailesi n'kutsitsa. Ndiye kuti bwana anadziwa. Ulemu anapereka kwa masamba. Kwa ine anapereka mphindi zitatu. Kuchokera pabwalo kukafika kumanda ndi ulendo wa mphindi khumi wapansi, ndipo nyimbo za amayi a mvano zinkamveka mpaka pagolo.

Lachinayi ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kupita ku boma. Ndinafika 7:45, fumbi mpaka m'makutu. Chitseko chotseka. 9:20 anafika mayi wa padesiki. Ndinapereka moni, ndinafotokoza. Anandionetsa pepala lija la mawu atatu, nati, "Bwana atuluka pang'ono. Dikirani panja."

Jekete la bwana linali pampando. Ndinalipenda ndi maso a utelala. Losokedwa bwino, mapewa ake olunjika, ndipo limafika pantchito msanga kuposa mwini wake. Ndinakhala pabenchi ya panja maola atatu ndi theka. Ndi benchi yokhayo imene andilola kukhalapo popanda chiphaso.

12:50 bwana anatulukira. Ndinaimirira, chipewa m'manja. Munthu wa kuno ndithu, osati mlendo woti sadziwa za kwathu. Atamva nkhani yanga anapukusa mutu.

"Pepani chomene za nyifwa, adada," anatero. "Koma fomu yathu ilibe malo olembapo maliro. Pali kabokosi ka 'wapezeka' ndi ka 'sanapezeke'. Ine ndichonge pati?"

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire kuti akubwera. Anati galimoto inangopezeka mwadzidzidzi ikupita mbali ya kwathu pa ntchito ina, ndiye anangokwera nawo. Anawonjezera kuti kochi weniweni amakhala wokonzeka nthawi zonse.

Nthawi zonse? Ndizisunga anyamata 16 pabwalo usana onse, atavala majezi, ngati nkhuku za m'khola, kudikira tsiku limene galimoto ya eni idzapeze mafuta?

"Masamba aja munawaona, bwana?"

"Ndinawaona. Koma maliro ali paliponse masiku ano."

"Nanga bwanji munalemba kuti timu palibe?"

"Ine ndimalemba zimene ndaona."

Ndinafuna kunena kuti ndiye akanalemba ng'ombe zitatu zija, mwina zikanalowa ligi. Sindinanene. Munthu wopempha sachita nthabwala ndi wogwira cholembera. Bwana anati ngati ndikufuna kuti aganizirenso, ndibweretse kalata yotsimikiza kuti kunalidi maliro. Atatero anatenga jekete lija n'kupita kukadya.

Kalata yotsimikiza kuti mwana wa eni anamwaliradi. Sindinathe kupita nayo nkhani imeneyi kwa mayi ake a Wanangwa, manyazi anandigwira. Ndinapita kwa abusa. Analemba, anadinda, akung'ung'udza. Lolemba ndinabwereranso ku boma. Ndinafika 8:10. Bwana kunalibe, jekete linalipo. Mayi wa padesiki anawerenga kalatayo kawiri, milomo ikuyenda.

"Apa akuti kunali maliro," anatero. "Koma sakunena kuti osewera anu analiko."

"Amama, mudzi wonse unaliko."

"Mudzi sulembetsa ligi, bambo. Bweretsani mayina ndi masaini."

Ndinafunsa ngati sakanandiuza zimenezi Lachinayi lija. Anati Lachinayi sindinafunse. Zoona, sindinafunse. Kulakwa kwanga. Ndimayenera kulota.

Dzulo ndinayenda khomo ndi khomo, dimba ndi dimba, kusainitsa anyamata. Yotamu, kaputeni wathu, atasaina anatambasula manja. Matuza a piki sanapole mpaka pano.

"Kochi, kapena tipite tonse tikawaonetse izi? Adinde pomwepa."

Tinaseka, koma kuseka kwake kosafika pamtima. Kenako anandiuza zimene ndinkaopa. Komiti ya timu yayankhula kale ndi mphunzitsi wina wa pasukulu ya kutsidya, amene ali ndi chiphaso, kuti ngati changa sichituluka pofika Lachisanu alembetse dzina la iyeyo. Sindikuwada a komiti. Timu singaphonye ligi chifukwa cha pepala la Chipeta. Mphunzitsiyo ndi munthu wabwino. Kungoti sadziwa dzina la wosewera ngakhale mmodzi, sadziwa kuti Yotamu bondo lamanzere limamuvuta kukazizira. Iyeyo adzakhala pabenchi. Ine ndidzaima kuseri kwa chingwe pamodzi ndi ogulitsa nzimbe, ndikukuwira anyamata ovala majezi osoka ine.

Nditafika kunyumba, mkazi wanga NyaGondwe anandiyang'ana, nayang'ana mulu wa mayunifomu a sukulu umene ukundidikira pamashini.

"A Chipeta, mabuku anu aja sananeneko za maliro?"

Ndinati mwina zinali m'masamba osowa aja. Sanaseke. Anangondipukutira fumbi pakolala.

Lero Lachitatu ndinadzukanso. Njinga yomweyo, fumbi lomwelo, mnyamata wa kabaza mpaka wasiya kundifunsa kumene ndikupita. Ndinafika 8:05, kalata ya abusa ndi masaini 16 zili mu envulopu. Pachitseko loko. Pamwamba pa loko pepala lomata ndi selotepi:

"Tonse tapita ku maliro. Bwerani Lolemba."

Ndinaliwerenga katatu. Kenako ndinakhala pabenchi yanga ija n'kuyamba kuseka. Ndinaseka mpaka mlonda anabwera kudzaona ngati ndili bwino. Anandiuza kuti amwalira ndi amalume ake a bwana woyesa, ndiye ofesi yonse yaperekeza.

Ndipo achita bwino. Ndikunena zoona, achita bwino. Munthu akaferedwa anzake a kuntchito amamuperekeza, ofesi itsekedwe. Umu ndi mmene timakhalira. Sindikanafuna kuti bwana asiye maliro a amalume ake chifukwa cha envulopu yanga. Funso langa ndi laling'ono: fomu yawo ya kuntchito ili ndi kabokosi ka maliro? Iwo achonga pati?

Ndinatulutsa foni. 8:07 ndinajambula chitseko, loko ndi pepalalo. Ndinalemba kuti, "Ndafika. Simunapezeke." Chala chinaima pamwamba pa batani nthawi yaitali. Ndinafufuta. M'malo mwake ndinalemba kuti, "Pepani chomene ndi zovuta, bwana. Chiuta akusungeni." Ndinatumiza. Envulopu ndinailowetsa pansi pa chitseko, mlonda akuona.

Tsopano Lolemba limene akunenalo lili kuseri kwa Lachisanu. Ndiye ndikufunsa poyera, chifukwa pakhomo pawo ndafunsa mokwanira.

Kodi mu ofesi yonseyo, ndi amene ali pamwamba pake, palibe munthu mmodzi amene angalembe mizere iwiri yakuti Chipeta anakhoza zolemba, akudikira mayeso a pabwalo, aloledwe kulembetsa? Mizere iwiri. Cholembera ndibweretsa ndekha. Sindikupempha kuti mundikhozetse. Bwerani mudzandione. Mukapeza kuti telala sadziwa kanthu, mundilepheretse pamaso pa anyamata anga, ndidzati yewo, n'kubwerera kumashini mtima uli m'malo. Koma kawiri konse inu simunabwere, ife tikudikira padzuwa, palibe amene anakuchongani. Ife kamodzi kokha, osauzidwa n'komwe, mbwenu zonse zathera pomwepo?

Kwa inu anzanga amene mukudikira woyesa m'midzi mwanu, musavomere "tidzakuuzani". Tsiku ndi ola alembe papepala, asaine. Apo ayi mudzakhoza m'kalasi n'kulephera kwa ng'ombe.

Ndipo bwana, mukabwerako, mukapuma, ndili ndi pempho limodzi limene silifuna mafuta a galimoto. Mawu akuti "sanapezeke" asiyeni ngati mukufuna, pabwalo sindinalipodi. Koma akuti "timu palibe" mufufute. Timu ilipo. Tsiku limene munabweralo inkasinthana anayi anayi m'dzenje, wina akatopa mnzake akulandira piki osayembekeza kuuzidwa, mpaka inamaliza nthawi yake isanakwane. Mukanangoyenda mphindi khumi kutsatira nyimbo, mukanaiona.