Maulendo Anga a ku Chiputula

Pamene ndinali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a unamwino ku Mzuzu, singano za jakisoni sitinkataya. Tikabaya wodwala tinkazitsuka, kuziwiritsa m'poto, kenako kuzikhula pa thonje kuti tione ngati nsonga yapindika. Ntchitoyi inali ya ife ophunzira, ndipo tinkaigwira ndi manja osavala kanthu, chifukwa magolovesi ankasungira kochitira opaleshoni.

Edzi inali itafika kale m'mawodi mwathu, koma dzina lake sitinkalitchula mokweza. Masiku a chipani chimodzi aja munthu ankayang'ana kaye kumbuyo asanalankhule. Tinkangoti "matenda aja", ndipo aliyense ankamva.

M'mawa wina wozizira, zala zitachita dzanzi, ndinabaya jakisoni mayi wina wodwala chibayo. Anali mphunzitsi wa ku pulayimale, kwawo ku Nkhata Bay, koma ankakhala ku Chiputula, mu Mzuzu momwemo. Ndikuchotsa singano, iwo anatsokomola n'kundigunda chigongono, singano ija n'kundilowa pachala chachikulu. Ndinapita pampopi, ndinafinya magazi, ndinathirapo sipiriti, ndipo sindinauze munthu. Mtsikana wopempha kuyezedwa magazi nthawi imeneyo akanafunsidwa kumene wakhala akuyenda, ndipo ine sukulu ndinkaifuna.

Kuyambira tsiku limenelo tulo tinandithawa. Ndikatsokomola ndinkati basi zayamba. Ndikasamba ndinkadzipapasa m'khosi kufuna mwanabere. Ndiye ndinapeza nzeru yanga yopusa: ngati mayiwo achira n'kunenepa, ndiye kuti alibe matenda aja, inenso ndapulumuka. Thupi lawo linasanduka sikelo yanga.

Ndinayamba kuwasamala kuposa odwala onse. Ndinkawatenthetsera madzi osamba, kuwapesa tsitsi, kuwamwetsa phala. Popesapo ndinkaona ngati tsitsi layamba kupyapyala. Anzanga ankandiseka kuti ndapeza apongozi.

Mayi aja atatuluka m'chipatala anandigwira dzanja n'kundithokoza.

"Yewo chomene, mwana wane. Uzibwera kunyumba, wamva? Kwanu n'kutali, Sande usamakhale wekha."

Ndinapita. Lamlungu lililonse ndinkadzera kumsika, kuonetsa khadi la chipani pachipata, kugula nthochi kapena malalanje, n'kuyenda wapansi mpaka ku Chiputula. Anthu oyandikana nawo ankati nesi uyu ndi wa mtima wabwino. Mtima wabwino wake uti? Mayiwo akamandipatsa moni wa "monire", ine maso anali pamkono pawo, pomwe pankakhala wotchi, kuona ngati lamba wayamba kukhwepa.

Ndipo ankaoneka bwino. Nkhope inkawala mafuta, ankavala juzi lalikulu, ndipo ankadya kondowole, nsima ya chinangwa ija, ndi usipa pamaso panga mpaka mbale kuyera. Ndinkabwerera kusukulu mtima uli m'malo, koma pofika Lachitatu mantha ankayambiranso.

Mvula itayamba, ndinafika tsiku lina osati Lamlungu, chifukwa ndinali nditapatsidwa tchuthi mwadzidzidzi. Ndinawapeza atagona pamkeka, atangofunda chitenje. Juzi panalibe, mafuta panalibe. Mafupa a m'khosi anali poyera, ndipo wotchi ija inali pawindo. Ndinaona kuti palamba wake anabowolapo mabowo atsopano ndi msomali.

Ndikunena zoona, chimene chinayamba kubwera m'mutu mwanga si iwo ayi, koma chala changa.

Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono.

"Wandigwira lero. Ukanandiuza kuti ukubwera ndikanavala."

"Amayi, bwanji simunanene kuti mukudwala chonchi?"

"Khala pasi. Ine ndinaona tsiku lija singano itakulasa. Ndinakuona ukufinya chala pampopi. Iwe umaganiza mphunzitsi saona mwana wamantha? Ndinati mwana uyu ali ndi mayeso, akaona ndikuonda asiya sukulu."

Anandiuza kuti chakudya chimene ankadya pamaso panga chinkabwerera ndikangochoka. Mlungu wonse ankasunga mphamvu kuti Lamlungu akhale tsonga pampando.

Ndinalira, ndipo anali iwo amene anandisisita kumsana. Ndinafuna kupepesa kuti maulendo onse aja ndinkabwera kudzawayeza ndi maso, koma anandidula.

"Kaya umabwerera chiyani, umabwera. Abale anga ena anasiya kale kumwera kapu yanga."

Anamwalira mvula isanathe, ndipo maliro anapita kwawo kunyanja. Ine sindinapite, ndinali pa mayeso, ndipo ndinakhoza.

Patapita zaka, zinthu zitasintha, ndinayezetsa magazi. Anandipeza ndilibe kachilombo. Mnzanga amene anandiuza zotsatira anadabwa kuti sindikusangalala. Ndinasangalala ndithu, koma chisangalalocho chinabwera ndi manyazi amene sanandichokebe. Ine ndinkapita ku Chiputula ndi nthochi zanga kukadzifunira mtendere, ndipo mayi wodwala ankadzuka, kudzola mafuta, n'kudzikakamiza kumeza chakudya kuti andipatse mtenderewo.

Ndagwira unamwino mpaka kupuma. Ophunzira ambiri anabwera kwa ine atagwira chala cholasidwa ndi singano, ndipo ndinkawaperekeza ndekha kokayezetsa ndi kukalandira mankhwala tsiku lomwelo. Tikabwerera kuwodi ndinkawauza kuti apite akamupatse moni wodwala amene singano yake inawalasa, amufunse mmene wagonera, ndipo adikire kuti ayankhe.