Kamsomali ka m'nsagwada mwa Tadala

Mwana wanga Tadala ali ndi mano otuluka kunja, ndipo anzake kusukulu amamuseka. Dokotala wa mano ku Lilongwe anamuika mawaya, nakhomera kamsomali kachitsulo m'fupa la nsagwada kuti kazikoka manowo. Anandionetsa chithunzi cha fupalo, nati n'lofewa pamalopo, choncho mwanayo asatafune cholimba chilichonse mpaka kamsomali katagwira. Ndinavomera ndi mutu ngati ndili m'tchalitchi.

Sabata lomwelo tinakacheza kwa akulu a mpingo ku Msakambewa. Mayi a pakhomopo anatiikira chimanga chokazinga. Tadala anapinda manja. Ine, woopa anthu kuposa Mulungu, ndinamutsina pantchafu.

"Idya, iwe. Ukufuna azinena kuti ndalera mwana wonyada?"

Anadya. Mmene timafika kunyumba, kamsomali kanali kakugwedera ngati dzino la mwana.

Titabwerera ku Lilongwe, dokotala atakachotsa anafunsa kuti, "Watafuna chiyani, mtsikana?"

Tadala anandiyang'ana. Pakamwa panga, pomwe pamatsogolera mapemphero a amayi Lachinayi lililonse, panatuluka mawu awa: "Adokotala, ana a masiku ano samva."

Dokotala anamukalipira, nati adikire miyezi kuti fupa lipole asanayesenso. Miyezi inanso yophimba pakamwa ndi dzanja akamaseka. Tambala sanalire, koma ine ndinamumva.

Mu minibasi yobwerera kwathu, titayamba kukwera mapiri a ku Dowa, mwanayo, maso ali pawindo, anati, "Amayi, mukanangonena kuti tinaiwala tonse."