Amama afuna mafuta ochotsa makwinya

Muli bwanji nonse.

Lelo napita ndi Amama kumsika ku Petauke kukafuna mafuta odzola, paja akale aja amawayabwa. Wogulitsa watipatsa ofatsa, opanda fungo. Tayesa kuseli kwa khutu, ali bwinobwino. Koma Amama akakamila ena ochotsa makwinya, omwe awafiilitsa khungu pomwepo.

Ine mtima wakwela. M'basi ndawafunsa kuti afuna kukongolela ndani.

Iwo maso ali pawindo, ati, "Amai anga anamwalila nthawi ya Chitaganya ndili kamtsikana, akali kundidzoza mafuta a nsatsi. Masiku ano ndimawalota panjila ya ku Nyimba. Ndikawaitana amandigwadila ngati nkhalamba yachilendo, n'kupitilila."

Ofatsa aja ndagula, enawo ndasiya. Abale, mawa ndibwelele kukawatenga?