Tsiku Limene Agogo Anakhala Pansi pa Njerwa

Woyamba kutiuza anali a Nangozo, mayi amene tinkayandikana nawo nyumba. Anafika akuthamanga m'mawa wina wa mu Juni, chifunga chisanachoke m'phiri, ine ndi amayi tikukumba mbatata ya kachewere zala zitauma ndi chisanu.

"Inu amake Rozina, tayani khasulo! Bambo anu akuchotsa matabwa lero, ndipo akuti akhala pansi pake penipeni!"

Anali masiku a Chitaganya, ine Rozina ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tchalitchi chathu choyamba, chimene anamanga akhristu oyambirira a kwathu, chinali cha mitengo ndi udzu, ndipo chiswe chinali chitachimaliza. Ndiye mudzi wonse unaumba njerwa zomangira tchalitchi chatsopano, ife ana tikutunga madzi, mmisiri wake ali agogo anga aamuna, a Lukasi, amene anaphunzira zomangamanga ku mishoni ya Bembeke. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la utsi wa uvuni limene silinkachoka m'jekete lawo, ndi kulira kwa njerwa akamaigogoda pafupi ndi khutu kuti amve ngati yapsa.

Nkhani inali pa khomo. Agogo analimanga lalitali, lopindika ngati uta, njerwa zitayalidwa pamwamba pa matabwa okhotetsa, popanda mzati kapena mtengo wopingasa. Kwathu tinali tisanaonepo denga loima popanda mtengo. Anthu ankati matabwawo akangochoka zonse zigwa, ndipo azimayi ambiri anali atanenetsa kuti ana awo sadzadutsa pamenepo.

Tinapeza khamu la anthu litaima patali. Agogo anali atakhala pa mpando wawo pakati pa khomolo, akusenda mbatata yootcha.

"A Lukasi, njerwa ilibe mapiko!" anakuwa a Nangozo. "Mukufuna Misa yoyamba muno ikhale ya maliro anu?"

"Mukadzandiimbire bwino, mayi. Osati muja mumaphonyera Lamulungu."

Anthu anaseka, koma amayi anali atatulutsa kale kolona. Amuna awiri anayamba kugogoda mitengo yochirikiza matabwa, go! go! Fumbi linagwera pa chipewa cha agogo. Ine sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinangozindikira ndathamanga ndawagwira mkono kuti ndiwakokere kunja. Amayi anakuwa dzina langa. Agogo osasuntha, anangondikhazika pamwendo.

"Yang'ana kumwamba, mdzukulu wanga. Njerwa iliyonse apo ikufuna kugwa, koma inzake yaitsekera njira."

Thabwa lomaliza analisolola, nkuligoneka pansi. Ndinayang'ana, ndipo pamwamba pa mutu wanga panali njerwa zofiira zokhazokha, zitagwirana m'malere, dzuwa likuyamba kuziwalira. Mayo ine, nthungululu zake! Azibambo anaponya zipewa m'mwamba, aphunzitsi a katekisimu anayambitsa nyimbo yothokoza, ana onse anayamba kuthamanga kulowa ndi kutuluka, kulowa ndi kutuluka. Amayi anandikumbatira akulira, kenako anandipatsa khofi limodzi labwino.

A Nangozo anavina kuposa aliyense, koma mpaka imfa yawo ankadutsa pakhomopo atawerama, mwaliwiro, dzanja lili pamutu. Agogo ankawadikirira dala pakhomo. "Lero njerwa yakuphonyaninso, mayi!"

Khomolo lilipo mpaka lero. Denga analisintha, m'mazenera ake aatali anaikamo magalasi, koma utawo sunang'ambike. Ndinadutsa pansi pake pa ukwati wanga, ndinadutsitsapo ana anga asanu ndi mmodzi kukabatizidwa, ndipo tinadutsitsapo agogo m'bokosi. Chaka chimene bambo a ana anga anatisiya, ine ndi anawo aliyense ankafuna kugwa, koma tinatsekerana njira, Mulungu athokozeke.

Inu amene mwawerenga izi, mukadzalowa m'tchalitchi chakale chilichonse, kwezani maso pakhomo musanagwade. Ndipo pa kolona yanu mutikumbukireko ife a banja la a Lukasi, amoyo ndi otsogola, osaiwala a Nangozo.