Nambala ya Atate pa Makina a ku Kitwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene atate anapita ku Kitwe n'kundisiya ku Chawama, mu Lusaka, kwa alongo awo, ba anti Asiyatu. Amayi anali atamwalira kale, ndiye m'nyumba imeneyo ndinalowa ndi chikwama chimodzi ndi makina akuda amene atate ankawatcha seva.

Atate, a Idrisa, ankasamalira makompyuta a sitolo ina yopikulitsa katundu ku Kamwala. Sitoloyo itatsegula nthambi ku Kitwe, anawatumiza kumeneko. M'makina aja munali databesi, pulogalamu yosunga mbiri ya katundu yense, kuyambira matumba a shuga mpaka makatoni a sopo. Seva yaikulu inali ku Kitwe. Yanga inkangosunga kope, kuti inayo ikafa sitolo isatsale m'madzi.

Anandisiyira ntchito imodzi. Magetsi akathima n'kubweranso, ndinkayenera kuyang'ana ngati databesi yadzuka pa makina onse awiri, popeza ndili pa seva yanga ndinkatha kusuzumira ya ku Kitwe. Kusuzumira basi, kukhudza ayi. Anandiphunzitsa mawu oti ndilembe, ndipo ndikalemba pankatuluka mizere ya mapulogalamu onse amene akugwira ntchito. Mzere wa databesi unkayamba ndi dzina la amene anaiyatsa: idrisa. Ku Chawama idrisa, ku Kitwenso idrisa.

Ba anti sanali munthu wankhanza, ndisawanamizire. Kungoti ankalawirira kukagulitsa zitenje, n'kubwera ali wefuwefu, opanda mawu otsalira mwana wa mwini. Mwana wawo Musa anali mnyamata wamkulu kale, wa mpira ndi anzake. Ine ndinkagona m'kachipinda ka kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala ndi seva ija, imene inkang'ung'udza n'kumatulutsa fungo la fumbi lotentha. Ana a panja akakuwa kuti "Malaiti yabwera!" anzanga ankathamangira wailesi yakanema, ine kuchipinda. Ndikaona dzina lija kawiri, mtima unkakhala pansi. Sindichita manyazi kunena kuti ndinkalipatsa moni.

Atate ankaimba foni Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti. Kenaka Lachisanu lina linadutsa zii. Ndinati kaya ndi ntchito. Koma masana ena magetsi atabwera, ndinalemba mawu aja. Ku Chawama kunali idrisa monga mwa masiku onse. Ku Kitwe dzina kunalibe. Pamalo pake panali nambala chabe, ndipo mzerewo unali wautali, wokhala ndi mawu ena achilendo.

Ndinachita kupusa kuitana Musa. Anasuzumira akutafuna chimanga chootcha, n'kuseka.

"Iwe Zainabu, munthu bakamupisha nchito bamafufuta zina. Olo mwina bapeza mkazi kuja, baiwala va kuno."

Mawuwo, oti mwina atate achotsedwa ntchito kapena atiiwala, anandilasa chifukwa ba anti anali atayamba kale kunena kuti mlongo wawo akapitiriza kukhala chete, anditumiza kwa abale a ku Mangochi, kumene agogo anachokera. Ine Mangochi ndinkangomumva. Ndinabadwira ku Chawama, manda a amayi ali mu Lusaka muno, ndiye ndikatani kwa anthu osandidziwa? Foni ya atate inali yothima. Ndinalira tsiku limenelo nkhope ili pa thumba la makala, mpaka ndinadzuka ndili bii ngati wowotcha njerwa, ndipo panalibe wondiseka kapena wondipukuta.

M'mawa mwake ndinakumbukira zimene atate ankanena makina akawavuta. Ankavula chipewa, n'kuchiika pa bondo, n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankatinso chinthu chikasintha maonekedwe usathamangire kunena kuti chafa, yamba wachifunsa ngati chikuyankha.

Ndinaika mizere iwiri ija pambali pa inzake n'kuyamba kuiyerekeza pang'onopang'ono. Databesi ya ku Kitwe inali itayatsidwa masiku apitawo, ndipo chiyatsidwire sinathimepo. Ndinaifunsa kuti m'sitolo mwatsala shuga wochuluka bwanji. Inayankha. Ndinafunsa yanga, nayo inayankha chimodzimodzi. Madzulo ndinafunsanso, shuga anali atachepa konsekonse. Ndiye kuti kumeneko malonda anali kuyenda ndipo makina anali moyo. Koma zimenezo sizinandiuze ngati wowasamalira anali atate kapena munthu wina amene analowa m'malo mwawo.

Chimene chinandithandiza ndi nkhani ina imene atate ananena tsiku lina akundiphunzitsa, ine osalabadira. Anati kompyuta mayina siwadziwa kwenikweni, munthu aliyense imamupatsa nambala, dzina imangotilembera ife kuti tisasokonezeke. Ndinafufuza mawu ofunsira, ndinalakwitsa kangapo, kenaka seva yanga inandiuza nambala ya idrisa. Ndinailemba pa chikhatho ndi bolopeni n'kuyang'ana mzere wa ku Kitwe. Inali yomweyo.

Ndinakhala pansi pa simenti ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu. Ba anti atabwera ndinawaonetsa chikhatho n'kuwauza kuti atate alipo, sanachotsedwe. Anandiyang'ana, nayang'ana makina, n'kunena kuti za vinthu ivi sadziwa, koma za Mangochi adikira kaye.

Foni inalira patapita masiku angapo, dzuwa likupendeka. Anali atate, koma mawu awo anali ofooka moti poyamba sindinawazindikire. Ndinawauza zonse mothamanga, za dzina, za shuga, za chikhatho. Anaseka mpaka kutsokomola. Anafotokoza kuti anasamutsira databesi ku makina atsopano, n'kuitsekera m'kabokosi kakekake mkati mwa makinawo. Mayina a m'kabokosimo makina akunja sawadziwa, ndiye amangolemba nambala. Anati ndachita bwino, iwo sakanafufuza mosiyana. Atangomaliza ntchito imeneyo malungo anawagwetsa, n'kugona m'kachipinda ka lendi, foni itatha moto.

Ndinafunsa kuti ankawaphikira ndani. Anati ankadzuka okha kuwiritsa madzi a tiyi.

"Nanga anzanu a ku ntchito, atate?"

"Kuno amangonditcha ba kompyuta, mwana wanga. Odziwa kuti ndine Idrisa ndi iwe ndi makina akowo."

Masiku onsewo ndinkalira kuti andiiwala, osaganizako ngakhale kamodzi kuti nawonso ali m'kachipinda kawo, pakati pa anthu olankhula Chibemba, opanda wowaitana dzina. Ine ndinali ndi ba anti, ndi Musa wa pakamwa pakeyo, ndi ana a panja. Iwo analibe ngakhale thumba la makala loti alirirepo.

Ku Mangochi sindinapite. Atate anakhala ku Kitwe zaka zina asanabwerere, ndipo kuyambira nthawi imeneyo sindinkadikiranso Lachisanu. Ndinkapempha foni ya ba anti n'kuwaimbira ine, ngakhale kungofunsa ngati adya.

Lero ndimagwira ntchito yomweyi. Achinyamata amabwera atatuluka thukuta kuti databesi yasowa pa seva ina chifukwa sikuoneka monga ikuonekera pa inzake. Ndimawauza kuti akhale pansi, aifunse ngati ikuyankha, ayerekeze nambala. Nthawi zambiri imakhala ilipo, kungoti malo amene ili sakuidziwa dzina. Za anthu sindiwauza, koma ndi zimene ndinaphunzira kwenikweni m'kachipinda kaja: munthu akakhala chete kutali, usayambe ndi kufunsa chifukwa chake wakuiwala, yamba wafunsa ngati kumeneko kuli womudziwa. Atate anamwalira chaka chatha. Seva yakale ija ili pansi pa tebulo langa, ndipo ndikaiyatsa imalembabe idrisa.