Boma Linandikwatitsa Apongozi Anga

Boma linandikwatitsa apongozi anga. Inde, mwamva bwino. Popanda ankhoswe, popanda kundifunsa, ndipo nditapita kukadandaula ku ofesi anandifunsa ngati ndikudana ndi chitukuko. Tsitsi latuwa tsopano, koma ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwira. Lero ndilankhula, wondigwira pakamwa palibe.

Ine kwathu ndi ku Kapelula, koma nthawi imeneyo ndinali pa chikamwini cha ku Chamama, kwawo kwa mkazi wanga Esinati. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ija munthu unkayenda ndi khadi m'thumba ngakhale popita kogula mchere. Achinyamata a lero upongozi simuudziwa, ndiye ndikuuzeni. Mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Mukakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire, kaya kuli minga kaya kuli chitedze. Ine apongozi anga aNaphiri ndinkawadziwira zidendene basi, ndi katsokomoledwe kawo pondichenjeza kuti akubwera.

Tsikulo ndinali m'munda, fodya ali biriwiri, ndikuchotsa mphukira. Ndinangomva galimoto ya boma yaima kumutu kwa mizere. Munatuluka anthu atatu: atcheyamani a chipani a m'mudzimo, bwana wina wa tayi wochokera ku ofesi yoona za alendo, ndi mzungu wa kabudula, kamera ili lende pamimba.

Bwana uja anati boma likufuna kuti azungu akunja azibwera kudzaona dziko lathu, nyama za kunkhalango ndi anthu ansangala. Ndiye pakufunika chithunzi cha mlimi ndi mkazi wake choti chitumizidwe ku Ulaya.

"Mkazi wanu ali kuti?"

"Ali m'chikuta, bwana. Wachira dzana, mwana wamkazi. Satuluka mpaka mchombo utagwa."

Anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti dzuwa la mzungu silingadikire mchombo.

Nthawi yomweyo ndinamva kutsokomola kuja. Apongozi! Anali kuchokera kumunda kwawo, dengu la maungu lili pamutu. Ine monga mwa mwambo ndinadziponya m'fodya, chafufumimba, phee.

"Eya! Mayi uyo ndiye wabwino," anatero bwana. Anabwera n'kundizula m'mizere ndi kolala ya malaya anga ofiira amizeremizere, okhawo amene ndinali nawo.

"Bwana, chonde, awo ndi apongozi!"

"Ku Ulaya adziwa ndani?"

Munthu wakuda mnzanga ameneyu! Wobadwa kwa mayi, ndipo mwina naye ali ndi apongozi ake kwinakwake. Mzungu sindimuimba mlandu, iyeyo sankadziwa kanthu. Ndinayang'ana atcheyamani kuti andilanditse. Iwo anapeza ntchito yowerenga mitambo, kenako n'kunong'ona kuti boma silikanidwa.

Mzungu anatenga mkono wanga n'kuuika paphewa la apongozi. Paphewa! Iwo njenjenje, ine njenjenje, maungu akugubuduka m'mizere. Akuti tiyang'ane kamera, tisekerere. Ndinatulutsa mano onse ngati mutu wa mbuzi yowaula. Kamera inati tcha, iwo n'kukwera galimoto ulendo. Apongozi anathawira kum'mawa, ine kumadzulo, ndipo nkhaniyi palibe anaitchula pamudzi.

Ndinayesa zathera pomwepo. Kalanga ine!

Fodya ali kale m'chigafa, a Gwaza anapita ku Boma kukagula tchubu cha njinga. A Gwaza anali atsibweni ake a Esinati, eni mbumba, ndiye kuti munda ndinkalimawo, nyumba ndinkagonayo, zonse zinali m'manja mwawo. Atafika pa khonde la ofesi ya alendo ija, pamsewu wopita kumsika, anapeza anthu ali unjiunji akuseka. Kusuzumira, chithunzi kukula ngati chitseko. Mlongo wawo. Mkamwini. Mkono paphewa. Mphunzitsi wina anawawerengera Chingerezi cha m'munsi mwake, kuti mlimi wachimwemwe ndi mkazi wake akukulandirani ku Malawi.

Anabwerako opanda tchubu.

"Akamwini," anatero atandiitanira kuseri kwa nkhokwe, "chithunzi chija chichoke. Chikapanda kuchoka, muchoka ndinu."

Esinati analira usiku ndi usana. Akuti anzake kumjigo akumufunsa ngati iyeyo ndi mkazi wamkulu kapena wamng'ono. Ine ndinabwereka njinga m'mamawa, ulendo wa ku Boma.

Kufika pakhonde paja, ndinangoti maso gwa ndi apongozi pachithunzi paja. Aka kanali koyamba kuiona nkhope yawo chikwatirireni. Miyendo inadzipatukira yokha, ndinakapezeka ndili m'maluwa a boma. Mu ofesimo ndinalowa chambuyo.

Mesenjala atandiona anaimirira n'kumenya sawasha. "Aa, abwana a pachithunzi! Takulandirani. Mayi mwawasiya kuti lero?"

Ndinafotokoza bwinobwino vuto langa. Iye anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kuitana wotaipa ndi wosesa kuti ndibwerezenso kuyambira pa maungu. Atakhuta kuseka anandiuza kuti bwana aperekeza alendo kukaona njovu, ndibwerenso.

Ndinabweranso. Bwana ali pamsonkhano.

Ndinabweranso. Bwana alipo, koma akupuma chifukwa msonkhano uja unawatopetsa. Kuchokera ku Chamama pa njinga yobwereka yopanda mabuleki, wotopa ndi iwo?

Ulendo wina ndinangokhala pakhomo penipeni, kuti akafuna kutuluka andilumphe. Dzuwa litapendeka anandilowetsa. Ndinawapeza akukukuta mtedza wokazinga, miyendo ili patebulo.

"Vuto lanu n'chiyani, bambo? Simunaoneke bwino?"

"Bwana, banja langa likutha. Chotsani chithunzi chija."

Anandiyang'ana ngati ndapempha kuti agwetse ofesi. Anati kodi ndikudziwa kuti zinzake za chithunzicho zakwera ndege? Akuti zili ku Mangalande, ku Jeremani, ku Joni, zapachikidwa m'mahotela, ndipo azungu akumaima n'kumasilira chikondi cha Amalawi.

"Inuyo munakwerapo ndege?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye muzithokoza. Nkhope yanu yakutsogolerani."

Ndinati ine za ku Jeremani sizikundikhudza, a Gwaza sapita ku Jeremani. Langa ndi la pakhondeli, pamene anthu a ku Chamama amadutsa popita kumsika. Apo bwana anatsitsa miyendo pansi, mtedza n'kuusiya.

"Kodi bambo, mukudana ndi chitukuko?"

Wotaipa anasiya kutaipa. Amene munakula nthawi imeneyo mukulidziwa funso limeneli. Ukaliyankha mopotoka, abale ako ankangomva kuti unakwera galimoto.

"Chitukuko ndimachikonda kwambiri, bwana," ndinatero. "Kungoti ndimakondanso mkazi wanga."

Anaganiza pang'ono, n'kumwetulira. Anati boma ili ndi lomva madandaulo a anthu. Kuchotsa chithunzi sikungatheke, koma kuchikonza kungatheke. Anaitana mesenjala uja kuti abwere ndi sizasi, guluu ndi chithunzi china cha nyama za kunkhalango. Ine mtima unakhala pansi. Ndinkayesa amata mtengo kapena phiri pamene ndinaima inepo.

Mesenjala anabwera akukanda m'mutu. Akuti za njovu zinatha, za mikango bwana anapatsa alamu awo. Yatsala njiri.

Abale anga, ndinaona ndi maso angawa. Anadula njiri ija mosamala, mano ake aja ali pindepinde, njerewere zili kumaso, n'kuimata pamutu panga mpaka pachifuwa. Mkono anausiya. Akuti akaudula awononga phewa la mayi, ndipo phewa la mayi ndi katundu wa boma.

"Bwana, nanga malayawo? Mudzi wonse ukuwadziwa!"

"Nkhope yanu ikuoneka?"

"Ayi, koma..."

"Dandaulo lanu latha. Yendani bwino, mukapereke moni kwa mayi."

Mawa lake linali tsiku la msika. Anthu a ku Chamama anapita ndi nkhuku ndi mbatata zawo, n'kukapeza aNaphiri, mayi aulemu wawo, akusekerera atakumbatiridwa ndi njiri yovala malaya ofiira amizeremizere. Akuti ena anakhala pansi chifukwa cha phwete. Mayi wina anataya mazira onse. Ndisanafike n'kuseri kwa nkhokwe komwe, ana anali atayamba kale kundithamangira kumbuyo akulira ngati njiri.

A Gwaza sanakweze mawu. "Akamwini, poyamba munangotichititsa manyazi. Lero mwatitukwana. Mwapita nokha ku Boma kukapempha kuti mlongo wanga akwatiwe ndi chilombo?"

Ndinalumbira, ndinagwada, ndinaitana atcheyamani kuti achitire umboni. Atcheyamani anati iwo tsikulo ankayang'ana kumwamba, sanaone kanthu.

Madzulo ndinapeza mphasa yanga ndi khasu zili panja. Fodya anatsala m'chigafa. Esinati anaima pakhomo mwana ali kumbuyo, misozi ili chuchuchu. Mwanayo, Tamala, anali asanayambe n'kukwawa komwe. Ndinayenda wapansi mpaka ku Kapelula, ndipo sindinama, ndinalira njira yonse ngati mwana.

Ndiye ndikufunsa, inu a ofesi ya alendo, kaya muli moyo kaya mwasiya ana anu pa mipandoyo. Azungu amene anabwera chifukwa cha mkono wanga ali kuti? Anadzaona chiyani? Ine ndinaonako mmodzi yekha, ali m'galimoto, ndipo anali mtulo. Wandibwezera banja langa ndani? Ndipo inu nonse, akadzabwera a tayi ndi kamera n'kukuuzani kuti musekerere dziko likuoneni, yambani mwacheuka muone amene akuimikani naye.

Chithunzi chija chinadzachoka chokha, chinanyowa ndi mvula n'kumatuka. Esinati anakwatiwa ndi mwamuna wina. Tamala anakula, kusukulu mpaka paukwati wake, akutchedwa mwana wa njiri. Lero ndi mayi wamkulu, ali ndi zidzukulu zake. Tikakumana pamsika wa Chamama amandipatsa moni ndithu, amati "bambo". Koma amayamba wayang'ana uku ndi uku, kuona ngati pali amene akumva.