Mpeni umene sunatere

Ndikakumbukira a Namakhwa, omwe tinkayandikana nawo nyumba ku Zakazaka, ndimamva fungo la girizi losakanikirana ndi la udzu wongotchetchedwa kumene, fungo limene ankatsika nalo kuphiri komwe ankayendetsa thirakitala, kutchetcha njira zotchingira moto pakati pa mitengo ya paini. Anali ndi khutu limodzi ndi theka. Anafe tinkati theka linalo anadya ndi khoswe, koma tinkanenera patali.

Silasha, chimakina chija thirakitala imakoka kumbuyo mipeni ikuzungulira kunsi, iwo sankaiyang'ana penti. Ankagwada n'kugogoda mpeni ndi sipanala. "Ukalira ngati belu la kutchalitchi, umenewo ngokalamba nawo. Ukangoti phwe ngati chitini, thawa."

Loweruka lina ndinawanyengerera ndi nthochi zitatu zakuba kuti anditenge kuphiri. Malonda anga oyamba anali amenewo. Dzuwa lili pamutu, nkhungu inatsika mpaka mitengo yonse inasowa, ndipo a Namakhwa anazimitsa injini. Tili chikhalire pamwala, anayamba okha kufotokoza za khutu lija. Mabwana awo anasiya silasha yakale, yolemera ngati bokosi la maliro, n'kugula yofiira, yopepuka, yotchipa. Yakaleyo ikamenya mwala, mpeni unkangobwerera kumbuyo. Yofiirayo, sabata yachitatu, mpeni unathyokera pabawuti, unaboola chitsulo chapamwamba, unawatenga theka la khutu n'kulowa m'nkhungu.

"Tinaufunafuna masiku anayi, mwana wanga. Ukudziwa chifukwa chake sunapezeke? Sunatere."

Ndinaseka. Kenako ndinamva kamluzu, kutali, kakubwera.

"Gona!" Anandikanikizira nkhope m'dothi. China chake chinadutsa pamwamba pathu, fyuuu, kulowera kuphompho. Titadzuka, nsonga za tsekera zinali kugwa pang'onopang'ono, zodulidwa pamzere umodzi, thirakitala ili duu.

"Ndi mbalame, eti?" ndinafunsa.

"Eya, mbalame," anatero, dzanja lili pakhutu.

A Namakhwa tinawaika kalekale. Ine lero ndimagulitsa zitsulo zakale za ulimi ku Chinamwali, ndipo pakamwa panga pakhoza kugulitsa ambulera yobooka nthawi ya dzinja. Chaka chatha kunabwera mayi wina wa ku Malosa, kufuna silasha yoti mwana wake azitchetchera mabwalo a sukulu ndi thirakitala imene malemu amuna ake anasiya. Ndinali nazo ziwiri: yadzimbiri yolemera, ndi ina yopyapyala imene ndinaiwotcherera ndekha n'kuipaka penti yofiira. Phindu lenileni linali payofiirayo, ndipo mayiyo anaikonda asanandipatse n'komwe moni.

Podzionetsa ukatswiri, ndinagwada n'kugogoda mpeni ndi sipanala. Phwe. Potukula mutu, nkhungu inali ikutsika phiri, dzanja langa lili pakhutu.

"Mayi, tengani yadzimbiriyi."

"Iii achimwene, mukundikaniza katundu wanu yemwe? Kapena mukufuna mukweze mtengo?"

Ndinagogoda yadzimbiriyo. Inalira mpaka wakabaza wina anacheuka.

"Mwana wanuyo ali ndi makutu angati?"

"Awiri, nanga!"

"Asiyeni akhale choncho."

Ataona kuti ndakakamira yadzimbiriyo, mayi uja anaigula atandigwetsa mtengo kawiri, ine katswiri wa Chinamwali. Yofiira ija ikadali kuseri kwa shopu, nkhuku zimaikirira pansi pake. Mipeni yake ndinamasula, ndinakumba dzenje n'kuikwirira, n'kutsindika mwala pamwamba. Umodzi umene ukuuluka kuphiri uja ngokwanira.